Cigaza ca ku Kabwe, Baibo ndi funso la umunthu

Pa 17 Juni 1921, anchito a mu mgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, tauni imene lelo timaichula kuti Kabwe, anali kukumba m'phanga lodzala ndi mafupa a nyama. Pansi pa phangalo anapeza cigaza ca munthu. Mabuku amachula Tom Zwiglaar, mzungu wa ku Switzerland, kuti ndiye anacipeza, koma dzina la wanchito wacikuda amene anali naye silinalembedwe. Caka comweco cigazaco cinatumizidwa ku London, kumene katswili wa mafupa akale Arthur Smith Woodward anacipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Cili ndi mphumi yotsika, fupa lalikulu lotumphuka pamwamba pa maso, ndi mano obooka kwambili. Mu 2020 asayansi anacipimanso n'kupeza kuti cili ndi zaka pafupi-fupi 299,000. Mpaka lelo cili ku Natural History Museum ku London, ngakhale kuti boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwele kwao.

Patapita zaka 70 cigazaco citafukulidwa, pa 29 Disembala 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewa analowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko. Conco mwana wa sukulu wa ku Kabwe, ku Katete kapena ku Matero amakula ndi nkhani ziwili. Mkati mwa sabata aphunzitsi amamuuza kuti zamoyo zinasintha pang'ono-pang'ono kwa zaka mamiliyoni. Pa Sabata kapena pa Sondo amamva za Adamu ndi Hava. Ambili amafika poganiza kuti afunika kusankhapo cimodzi. Mantha aakulu a makolo ndi akuti mwana akavomeleza kuti ali pa ubale ndi nyama, adzayamba kukhala monga nyama.

Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo tidzaona kumene anacokela. Koma mbili ya mkangano uwu, kuyambila 1859 kufika lelo, ionetsa cinthu cimene sicikambidwa kawili-kawili pa guwa kapena m'kalasi. Okhulupilila Mulungu analiko mbali zonse ziwili za mkanganowo, ndipo ankhanza naonso analiko mbali zonse ziwili. Funso limene linasiyanitsa anthu pa nkhani ya makhalidwe linali lina: kodi anthu onse ndi banja limodzi, kapena ena ndi anthu kupambana anzao? Ife a mu Africa ndife tinalipila mtengo wa yankho lolakwika, kaya linacokela m'buku la sayansi kapena mu ulaliki.

Zimene Darwin anakamba

Charles Darwin anabadwa mu 1809 ku Shrewsbury, ku England. Atalephela kupilila maphunzilo a udokotala ku Edinburgh, anapita ku Cambridge ndi colinga cakuti akhale m'busa wa mpingo wa Anglican. Ubusawo sanaufike, cifukwa kuyambila 1831 mpaka 1836 anayenda pa sitima ya m'madzi yochedwa Beagle, akusonkhanitsa miyala, mafupa, mbalame ndi zomela. Anasunga maganizo ake kwa zaka zoposa 20, ndipo buku lake lakuti On the Origin of Species linatuluka pa 24 Novembala 1859.

Mfundo yake mlimi aliyense angaimve. Ana a colengedwa cimodzi safanana ndendende. Amabadwa ambili kuposa amene cakudya ndi malo zingasunge. Amene ali ndi kanthu kena kowathandiza pa malo amenewo amapulumuka n'kubeleka, ndipo ana ao amatengela kanthuko. Mlimi akamasankha cimanga ca mbeu caka ndi caka, mbeu yake imasintha. Darwin anakamba kuti cilala, matenda ndi adani zimacita nchito yofananayo popanda wosankha ndi dzanja, ndipo pa nthawi yaitali kwambili zimatulutsa mitundu yatsopano. Ife tinaziona ndi maso m'zipatala. Mankhwala a chloroquine anali kupha tizilombo twa malungo tambili, koma tocepa tolimba tunatsala n'kuculukana, mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 Zambia inasinthila ku Coartem.

Darwin sanaphunzitse kuti nyani wa ku Luangwa anabeleka munthu. M'buku lake la mu 1871, The Descent of Man, anakamba kuti anthu ndi anyani akulu-akulu monga chimpanzi ndi gorila anacokela ku kholo limodzi lakale limene kulibenso, monga mmene asuweni amakumanila pa agogo amodzi. Anaonjezela kuti n'kutheka kwambili kuti kholo limenelo linali mu Africa.

Cina cofunika kudziwa ndi cakuti Darwin anakulila m'banja lodana ndi ukapolo. Agogo ake, Josiah Wedgwood, ndiwo anapanga mu 1787 kamendulo kochuka ka gulu lothetsa malonda a akapolo. Ku Edinburgh, amene anamuphunzitsa kukonza zikopa za mbalame anali John Edmonstone, munthu wakuda womasulidwa ku ukapolo wa ku Guyana. Ali ku Brazil, Darwin anakangana kwambili ndi woyendetsa sitima, Robert FitzRoy, Mkhristu amene anali kuikila kumbuyo ukapolo. Pa nthawi imeneyo asayansi ena anali kuphunzitsa kuti azungu ndi anthu akuda analengedwa padela-padela. Ciphunzitso ca Darwin ca kholo limodzi cinagwetsa maganizo amenewo.

Akhristu sanayankhe ndi mau amodzi

Nkhani imene imakambidwa kwambili ndi ya pa 30 Juni 1860 ku Oxford, pamene Bishopu Samuel Wilberforce anatsutsana ndi Thomas Huxley, bwenzi la Darwin. Akuti bishopuyo anafunsa Huxley ngati ubale wake ndi nyani unadzela kwa agogo aamuna kapena aakazi. Nkhaniyi imakoma kuisimba, koma imabisa zambili. Wansembe wina wa Anglican, Charles Kingsley, anali atalembela kale Darwin kalata yakuti kukhulupilila Mulungu amene analenga zamoyo zotha kutulutsa zina n'kolemekezeka mofanana ndi kukhulupilila Mulungu amene amalenga ciliconse pacokha. Darwin anaika maganizo amenewa m'buku lake litasindikizidwa kaciwili. Frederick Temple, amene mu 1884 anaphunzitsa poyela ku Oxford kuti cisinthiko sicitsutsana ndi cikhulupililo, anasankhidwa mu 1896 kukhala Akibishopu wa ku Canterbury, mtsogoleli wa mpingo wonse wa Anglican.

Ku America, pa yunivesite ya Harvard, panali aphunzitsi awili amene nkhani yao ifunika kuidziwa. Asa Gray, katswili wa zomela, anali Mkhristu wopemphela mokhulupilika. Darwin anamuululila maganizo ake m'kalata mu 1857, buku lisanatuluke, ndipo Gray ndiye anakhala womuikila kumbuyo wamkulu m'dzikolo. Iye anali kuona cisinthiko monga njila imene Mulungu amagwilila nchito. Mnzake Louis Agassiz, katswili wa nsomba, anakana Darwin mpaka imfa yake, nakamba kuti mtundu uliwonse wa camoyo unalengedwa mwapadela. Koma Agassiz yemweyo anaphunzitsa kuti anthu akuda analengedwa paokha ndipo si ana a Adamu, mau amene eni akapolo anawalandila ndi manja awili. Apa wokana cisinthiko ndiye anaticotsa m'banja la anthu, ndipo wocivomeleza ndiye anatisungamo.

Otsutsa oganiza bwino analiponso. Charles Hodge wa ku Princeton analemba mu 1874 kuti ciphunzitso ca Darwin, cikacotsa colinga m'cilengedwe, cimathela pa kukana Mulungu. Koma pa Princeton pomwepo, James McCosh, m'busa wa Presbyterian amene anali mkulu wa koleji, anavomeleza cisinthiko. Ndipo kuwelenga masiku a mu Genesis mosiyana ndi masiku a pa kalenda sikunayambe ndi Darwin. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lelo ndi ku Algeria, analemba ca m'ma 400 kuti Mulungu analenga zonse pa nthawi imodzi, zina zili monga mbeu zodzaphuka pambuyo. Anacenjezanso Akhristu kuti asamakambe zopanda nzelu pa nkhani za nyenyezi ndi nyama pamaso pa anthu ozidziwa, cifukwa zimenezo zimanyozetsa Malemba. Caka ca 4004 B.C., cimene ena amaciona monga ca m'Baibo, cinawelengedwa ndi Bishopu James Ussher wa ku Ireland mu 1650, ndipo osindikiza ndiwo anaciika m'mbali mwa masamba.

Darwin mwiniwake cikhulupililo cake cinazilala pang'ono-pang'ono. Imfa ya mwana wake Annie mu 1851, ali ndi zaka 10, inamulasa mtima. Mu 1860 analembela Gray kuti zimamuvuta kukhulupilila kuti Mulungu wacifundo anapanga dala mavu amene amaikila mazila m'thupi la mbozi yamoyo. Ngakhale n'conco, mu 1879 analemba m'kalata ina kuti munthu angathe kukhulupilila Mulungu ndi mtima wonse n'kuvomelezanso cisinthiko, ndi kuti iye sanafikepo pokana kuti Mulungu aliko. Atamwalila mu 1882 anaikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey, mmene zaka 8 m'mbuyomo munaikidwa thupi la David Livingstone, uja mtima wake unatsala kwa Chitambo.

Mayeso a ku Jamaica

Maganizo a munthu amaonekela bwino pakagwa mlandu. Mu Okutobala 1865, alimi osauka akuda a ku Morant Bay, pa cisumbu ca Jamaica, anaukila akulu-akulu a boma la atsamunda a ku Britain. Ukapolo unali utatha zaka pafupi-fupi 30 m'mbuyomo, koma anthu analibe minda ndipo makhoti anali kukondela eni mafamu. Wowatsogolela anali Paul Bogle, dikoni wa mpingo wa Baptist. Bwanamkubwa Edward Eyre anatumiza asilikali. Anthu 439 anaphedwa, pafupi-fupi 600 anakwapulidwa, ndipo nyumba pafupi-fupi 1,000 zinatenthedwa. Bogle anapacikidwa, pamodzi ndi phungu wa nyumba ya malamulo George William Gordon.

Ku England anthu ophunzila anagawikana. Gulu lina linafuna kuti Eyre aimbidwe mlandu wakupha. M'gululi munali Darwin, amene anapelekanso ndalama, Huxley, John Stuart Mill, ndi Akhristu ambili a mipingo monga Baptist ndi Quaker. Gulu lina linaikila kumbuyo Eyre, ndipo munali Thomas Carlyle, amene anali kunyoza ciphunzitso ca Darwin, komanso Charles Kingsley, wansembe uja amene anacilandila mokondwela. Huxley nayenso sanali woyela: anali atalemba kuti munthu wakuda sangafanane nzelu ndi mzungu, koma anaumilila kuti lamulo sililola kupha munthu popanda mlandu woyenela. Eyre sanalangidwe.

Mukayang'ana maina amenewa muona kuti kudziwa ngati munthu amavomeleza cisinthiko kapena ayi sikukanakuthandizani kulosela mbali imene adzaima pa magazi a anthu a ku Morant Bay. Ovomeleza analiko uku ndi uku, okana cimodzi-modzi.

Zoipa zocitidwa m'dzina la sayansi

Apa m'pamene mantha a makolo athu apeza maziko. Herbert Spencer, mu 1864, anayambitsa mau akuti opulumuka ndi oyenelela kopambana, ndipo anthu olemela ndi atsamunda anawasandutsa cilolezo: ngati wamphamvu apondeleza wofooka, ndiye kuti cilengedwe cafuna. Francis Galton, msuweni wa Darwin, anayambitsa mu 1883 ciphunzitso ca eugenics, cakuti mtundu wa anthu uwongoledwe monga ng'ombe za m'khola, ena aloledwe kubeleka, ena aletsedwe. Darwin yemwe, ngakhale anadana ndi ukapolo, analemba mu 1871 za mitundu "yotukuka" ndi "yosatukuka", nayembekezela kuti yoyambayo idzafafaniza inayo. Kuyamikila zimene anapeza sikutikakamiza kubisa zimenezi.

Mu Sepitembala 1906, mnyamata wa ku Congo dzina lake Ota Benga anaikidwa m'nyumba ya anyani ku Bronx Zoo, mu mzinda wa New York, kuti anthu azimuonelela pamodzi ndi nyani wa mtundu wa orangutan. Amene anamubweletsa ku America, Samuel Verner, anali atagwilapo nchito yaumishonale. Amene anaimilila n'kukana anali abusa akuda a mumzindawo, motsogoleledwa ndi M'busa James Gordon, ndipo cimodzi mwa zodandaula zao cinali cakuti cionetseloco cinali kulalikila ciphunzitso ca Darwin pogwilitsa nchito thupi la munthu. Benga anatulutsidwa, koma sanabwelelenso kwao. Anadzipha mu 1916 ku Lynchburg, ku Virginia. Pa zaka zomwezo, kuyambila 1904 mpaka 1908, asilikali a Germany anapulula Aherero ndi Anama m'dziko limene lelo ndi Namibia, ndipo zigaza za ena mwa akufawo zinatumizidwa ku Berlin kuti akazipime pofuna kuonetsa kuti munthu wakuda ndi wotsika. Zigaza 20 zoyamba zinabwezedwa mu 2011.

Mlandu wochuka wa John Scopes uyenela kuwelengedwa ndi zimenezi m'maganizo. Mu Julayi 1925, m'tauni ya Dayton ku Tennessee, mphunzitsi ameneyu anaimbidwa mlandu wophunzitsa cisinthiko, ndipo analipilitsidwa madola 100. Anthu ambili amakumbukila William Jennings Bryan, woimila boma pa mlanduwo, monga nkhalamba yosadziwa sayansi. Zoona, sayansi sanali kuidziwa bwino. Koma m'khoti anavomeleza kuti masiku a mu Genesis angakhale nyengo zitali-zitali. Cimene cinali kumudya mtima cinali nkhondo yoyamba ya dziko lonse: anawelenga kuti akulu-akulu a asilikali a Germany anali kukamba kuti nkhondo ndi lamulo la cilengedwe. Ndipo buku limene linali pakati pa mlanduwo, A Civic Biology, linandandalika mitundu isanu ya anthu n'kuika azungu pamwamba, komanso linalimbikitsa kuletsa anthu ena kubeleka. Patangopita zaka ziwili, mu 1927, khoti lalikulu la America linavomeleza kutseka anthu kuti asabeleke popanda cilolezo cao, ndipo oposa 60,000 anacitidwa zimenezi. Bryan analakwa pa mafupa ndi miyala, koma utsi umene anaununkhiza unali wa moto weni-weni.

Zoipa zocitidwa m'dzina la Baibo

Akulu anati anyani amasekana zikundu. Mkhristu asanaloze cala asayansi, akumbukile kuti ukapolo wa pa nyanja ya Atlantic unakhalapo zaka zoposa 300 Darwin asanalembe ciliconse, ndipo ocita malondawo anali obatizidwa. Alaliki ambili anagwilitsa nchito Genesis caputala 9 pokamba kuti anthu akuda ndi ana a Hamu otembeleledwa kukhala akapolo, ngakhale kuti m'nkhaniyo tembelelo linagwela Kanani ndipo khungu silichulidwa n'komwe. John Bachman, m'busa wa Lutheran ku Charleston, analemba buku mu 1850 lotsutsa anthu monga Agassiz, kuonetsa kuti anthu onse ndi a mtundu umodzi, koma iye yemweyo anapitiliza kuikila kumbuyo ukapolo. Kudziwa kuti munthu ndi m'bale wako ndi kumucitila monga m'bale ndi zinthu ziwili.

Citsanzo capafupi ndi South Africa. Boma la tsankho limene linayamba mu 1948 silinatsamile pa Darwin. Linatsamila pa ulaliki wa akulu-akulu a mpingo wa Dutch Reformed wa azungu, amene anawelenga nkhani ya nsanja ya Babele monga lamulo lakuti mitundu ikhale yolekana. M'masukulu a boma limenelo cisinthiko sicinali kuphunzitsidwa, ndipo cinalowa m'maphunzilo a giledi 12 mu 2008 cabe. Izi zinacitika m'dziko limene mu 1924 munapezeka cigaza ca mwana wa ku Taung, cimene Raymond Dart anacifotokoza kuti ndi ca kholo lakale la anthu. Akatswili a ku Ulaya anacedwa kumukhulupilila, mwa zina cifukwa anali atagwila cigaza ca ku Piltdown, ku England, cimene mu 1953 cinadziwika kuti cinali cabodza, copangidwa ndi mutu wa munthu ndi nsagwada za nyani. Kwa ambili a iwo cinali copepuka kuvomeleza kuti munthu anayambila ku England kusiyana ndi mu Africa.

Ndipo monga mmene asayansi ndiwo anavumbula bodza la Piltdown, Akhristu ndiwo anagwetsa ulaliki wa tsankho. Beyers Naudé, Desmond Tutu ndi Allan Boesak anawelenga Baibo imodzi-modziyo. Mu 1982 msonkhano wa mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse, ku Ottawa, unagamula kuti kuikila kumbuyo tsankho ndi Malemba ndi mpatuko.

Kodi makhalidwe abwino amacokela kuti?

Colakwa ca Spencer ndi Galton cinali kutenga zimene zimacitika m'cilengedwe n'kuziyesa zimene munthu ayenela kucita. Cilala cimapha ofooka, koma palibe amene amati tileke kugawa cimanga ca thandizo. Huxley anafika pozindikila zimenezi atakalamba. Mu 1893, ku Oxford komwe kuja, anaphunzitsa kuti kupita patsogolo kwa makhalidwe kumadalila kulimbana ndi nkhanza za cilengedwe, osati kuzitengela. Anafanizila cikhalidwe ca anthu ndi dimba: likasiyidwa, chile limalanda. Peter Kropotkin wa ku Russia anaonjezela mu 1902 kuti ngakhale m'chile momwemo kuthandizana n'kofala, ndipo nyama zokhala m'magulu zimapulumuka cifukwa ca kugwilizana. Darwin nayenso analemba kuti cifundo cinamela mwa makolo athu cifukwa cokhala pamodzi, ndi kuti kukana kuthandiza ofooka kungaononge mbali yabwino kopambana ya umunthu wathu.

Conco sayansi ingafotokoze cifukwa cake mai amadzuka usiku mwana akalila, ndi cifukwa cake mtima umatiwawa tikaona mnzathu akuvutika. Ingafotokozenso kumene nsanje, dyela ndi kukondela a mtundu wako zinacokela, pakuti zonsezi tinabadwa nazo. Cimene singacite ndi kutiuza kuti pa ziwilizi titsatile citi. Pamenepo m'pamene cikhulupililo, mwambo ndi cikumbumtima zimagwila nchito.

Mipingo ina inafika pogawa nkhaniyi mwa njila imeneyi. Mu 1950 Papa Pius XII analola kuti Akatolika afufuze ngati thupi la munthu linacokela ku zamoyo zakale, malinga asunge kuti mzimu umalengedwa ndi Mulungu. Mu Okutobala 1996 Papa John Paul II anakamba kuti umboni waculuka moti cisinthiko sicilinso congoganizila. Theodosius Dobzhansky, mmodzi wa omanga sayansi ya cisinthiko ya masiku ano, anali wa mpingo wa Orthodox, ndipo Francis Collins, amene anatsogolela nchito yowelenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu wodziwika. Mipingo ina imakanabe, maka-maka kucokela pamene buku la The Genesis Flood linatuluka ku America mu 1961 n'kufalitsa ciphunzitso cakuti dziko lili ndi zaka masauzande ocepa. Mafunso ao ena ndi olemela ndithu. Ngati imfa inaliko munthu asanacimwe, Paulo anatanthauza ciani pokamba za Adamu? Nanga n'cifukwa ciani Mulungu wacikondi angalenge kupitila m'njala ndi kudyana? Akhristu ovomeleza cisinthiko amayankha mosiyana-siyana, ena kuti imfa ya Adamu ndi kulekana ndi Mulungu, ena kuti Adamu aimila anthu oyamba kudziwa Mulungu. Koma funso la kuvutika silinabwele ndi Darwin. Buku la Yobu linalimbana nalo kale-kale, ndipo amene amakana mafupa a ku Kabwe amakumana nalobe pa malilo a mwana.

Kubwelela kwathu

Makolo athu sanaone ubale ndi nyama monga citonzo. Nthano ya Acewa ya ku Kaphilintiwa imasimba kuti Cauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi nyama zonse, mapazi ao n'kudinda pa mwala, ndipo anakhala mwamtendele mpaka munthu anapeka moto n'kutentha chile. Nyama zinathawa, galu ndi mbuzi zinathawila kwa munthu, Cauta anakwela kumwamba, ndipo imfa inalowa. M'nthano imeneyi munthu amasiyana ndi nyama cifukwa ca luso la manja ake ndi mlandu umene lusolo linabweletsa. Mpaka lelo pakati pathu pali a Njobvu, a Nguluwe ndi a Soko, ndipo palibe amene amaganiza kuti ciwongo cao cimawacotsela ulemu. Mau akuti "wacokela kwa nyani" anakhala mwano pamene anabwela ndi anthu amene anali kuwakambila ife tokha, iwo n'kudzipatula.

Sayansi ya lelo yawatsutsa anthu amenewo. Mu 1972 Richard Lewontin anapeza kuti pafupi-fupi 85 pelesenti ya kusiyana kwa cibadwa ca anthu kumapezeka mkati mwa gulu limodzi, ndipo kocepa cabe ndiko kamasiyanitsa zimene timati mitundu. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson anaonetsa kuti mzela wa kucikazi wa anthu onse amoyo umakathela mu Africa zaka pafupi-fupi 200,000 zapitazo. Manyuzipepala anamucha maiyo Hava, ngakhale sanali mkazi yekha wa nthawi yake. Mzungu wa ku London ndi Mchaina wa ku Beijing ndi zidzukulu za anthu amene anacoka kuno. Ndipo ku mathithi a Kalambo, pafupi ndi Mbala, gulu la Larry Barham linalengeza mu 2023 kuti linapeza mitengo iwili yosemedwa kuti ilumikizane, ya zaka zosacepela 476,000. Ndi cinthu cakale kopambana comangidwa ndi mitengo cimene cikudziwika pa dziko lonse, ndipo cinamangidwa mtundu wathu wa Homo sapiens usanaoneke. Munthu wa ku Kabwe, malinga ndi zaka zake, ayenela kuti anakhalako pa nthawi imodzi ndi anthu oyamba a mtundu wathu, monga m'bale wa nyumba ina.

Mwambi wathu umati kali kokha n'kanyama, ali awili ndi anthu. Amene anaupeka sanali kukamba za mafupa. Anali kukamba kuti umunthu umapangidwa ndi mmene timakhalila ndi anzathu, ndipo ungatayike ngakhale mwa munthu wovala jekete. Mphunzitsi wa sayansi ku Chipata angaphunzitse zaka 299,000 popanda kuuza ana kuti moyo ulibe tanthauzo, pakuti cigaza sicikamba zimenezo. M'busa angalalikile kuti munthu ali m'cifanizilo ca Mulungu popanda kuuza mwana kuti aphunzitsi ake ndi atumiki a Satana, pakuti mwanayo akadzaona umboni ndi maso ake angataye zonse, Mulungu ndi makhalidwe omwe.

Cimene onse awili ayenela kucenjela naco ndi munthu amene amabwela ndi mau akuti ena anabadwa otsika: a mtundu wakuti ndi akuba mwacibadwa, wacialubino si munthu weni-weni, wolemala ndi tembelelo, osauka ndi osauka cifukwa ndi ofooka. Nthawi zina adzanyamula Baibo, nthawi zina buku la sayansi, ndipo pa nyengo ya masankho adzanyamula zonse ziwili. Anthu a ku Morant Bay, Ota Benga ndi Aherero anakumana naye kale, ndipo sanafunse kuti wanyamula buku liti.